Mchombo m'kabokosi ka machesi

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anathyoka mwendo ndikumusintha thewera. Anali wakhanda, asanayambe n'kukhala komwe. Ndinangomukweza timiyendo monga amachitira mayi aliyense, ndiye ndinamva kuti thyo, kaphokoso kochepa ngati ka kamtengo ka machesi. Kulira kumene analira tsiku limenelo sindinakumvenso kwa mwana wina aliyense. Kuchipatala namwino anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa kuti, "Mayi, nenani zoona, mwamugwetsa kapena mwamumenya?" Ndinalephera ngakhale kukwiya. Thewera lonyowa linali lidakali m'manja.

Mwendo utapola unathyoka mkono, mkono utapola zinatsatira nthiti. Pamapeto pake dokotala wina wa m'tauni ku Blantyre ndiye anatiuza kuti ndi matenda a mafupa osalimba, obadwa nawo, ndipo mankhwala ochiziratu palibe. Anatsegula diso la mwanayo ndi chala n'kutionetsa kuti paja pamene anthufe pamakhala poyera, iye panali pabuluu wotumbuluka, ngati malaya oyera amene achapidwa pamodzi ndi yunifomu ya sukulu. Ine ndinkayesa kukongola chabe, ndipo maso amenewo ndinkawanyadira. Kenako dokotalayo anatembenukira kwa amuna anga, amene ndi afupi msinkhu ndipo khutu lawo limodzi silimva bwino, n'kuwafunsa ngati anathyokapo ali mwana. Iwo anaseka pang'ono, akuti kambirimbiri, kwawo ankangoti ndi kupulupudza. Dokotala sanaseke. Anati zikuoneka kuti vutoli lachokera kwa iwo, mwa iwo linabwera mofatsa koma mwa mwana labwera ndi ukali, ndipo mwana aliyense amene tingakhale naye likhoza kumugwera kapena kumulumpha, theka ndi theka. Tinabwerera ku Lirangwe, ndipo nkhani imeneyo amuna anga sanaiyambeponso mpaka lero.

Ku Lirangweko tinkakhala m'nyumba ya sukulu, chifukwa iwo ndi mphunzitsi pa pulayimale ya mishoni. Mwana wanga sindinamuberekepo kumsana ngakhale tsiku limodzi. Ndinkamunyamula pa pilo, manja onse awiri, kupita naye kutchalitchi, kusikelo, kumsika. Inu mukudziwa mmene timachitira amayi tikaona khanda, aliyense amatambasula manja kuti tabwera nayeni kuno timuone. Ine ndinkakana. Ndinafotokoza mpaka kutopa, kenako ndinasiya kufotokoza, ndipo pamjigo ndinatchuka kuti mkazi wa aphunzitsi ndi wonyada, mwana wake sakhudzidwa ndi manja a alimi. Ndinkamva zonsezo ndowa ili pamutu, ndipo masiku ena ndinkayankha mawu oti sindingawabwereze pano.

Mtsikanayo anakula, ngati tingati kukula. Miyendo yake inapindika chifukwa chothyokathyoka, kuyenda sanayende, amadzikhwekhwereza ndi matako kuchoka kuchipinda kufika pakhonde. Koma pakamwa Mulungu sanamumane. Anzake akamasewera fulaye pabwalo la sukulu iye ndiye amakhala woweruza ali pamkeka pomwepo, kukuwa kuti uyo wafa, uyo akubera. Mpira ukagubuduzikira pafupi naye ana onse amaima chilili, chifukwa ndinawaopseza kalekale. Madzulo akamwazikana iye amatsala yekha pakhondepo. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, kodi ku Malawi kuno woteremu ndilipo ndekha?" Ndinanamizira kuti ndiwo zikupserera n'kuthawira kukhitchini.

Tinagwirizana ndi amuna anga kuti mwana ndi yemweyu basi. Ndinkabayitsa jakisoni wolera mosaphonya kwa zaka zambiri. Koma kunabwera nyengo ina imene jakisoniyo anasowa, lero kulibe, mubwere sabata yamawa, yamawayo kulibenso. Pamene ankapezeka n'kuti ndili woyembekezera kale. Anthu anandiyamikira, ena mpaka kululutira. Ine ndinalira kumbuyo kwa bafa mpaka maso kutupa, chifukwa mawu aja akuti theka ndi theka anali asanachoke m'mutu mwanga.

Masiku atayandikira ndinapita kukadikirira kwa amayi ku Chileka, kumudzi kwathu, kumene ndege zikamatera zimadutsa pamwamba pa denga mpaka malata kunjenjemera. Mtsikana wanga ndinapita naye. Zinangochitika kuti nthawi yomweyo mng'ono wanga anabwera kutchuthi kuchokera kunja. Mng'ono wangayu ndiye anatenga nzeru zonse za m'banja mwathu, ife kutisiyira mkwiyo. Anaphunzira sayansi, n'kupeza mwayi wokapitiriza maphunziro kudziko la azungu, ndipo ntchito yake kumeneko ndi ya mbewa. Amayi, amene ndi a Mvano olemekezeka, ankauza anzawo kuti mwana wawo ndi dokotala, koma m'nyumba ankamunena kuti, "Sukulu yonse ija n'kukathera kuweta mbewa? Ukanangonena, bwenzi titakupatsa khasu uzikumba kudimba konkuno." Iye ankangoseka. Ine ndekha ndimadziwa kuti ntchito imeneyo anaisankha chifukwa cha mwana wanga, chifukwa mbewa zakezo ndi za mafupa osalimba.

Masana ena tili pakhonde anatsegula laputopu yake kuti ationetseko. Tinaona timbewa takuda tonyezimira m'mabokosi agalasi, tili ndi pogona pofewa, madzi oyera m'botolo, chakudya chosatha, ndi munthu wolembedwa ntchito kuti azizisesera. Mtsikana wanga anaseka mpaka ndinamugwira kuopa nthiti. Mng'ono wanga anati mbewa zimenezi anachita kuziswanitsa dala kuti zikhale ndi vuto lofanana ndi la anthu, n'cholinga choti aziyeserapo mankhwala. Anati m'fupa muli chinthu chonga ulusi chimene chimaligwira, monga waya m'konkire, ndipo mwa odwala matendawa ulusiwo umapangika molakwika.

"Nanga zikaswa, umadziwa bwanji kuti kodwala ndi kati?" ndinamufunsa. "Umadikira kathyoke?"

"Ayi achemwali, sitidikira," anatero. "Timangodula kachidutswa kakhutu, kochepa kuposa njere ya mpiru. Timakasungunula m'mankhwala n'kutulutsamo DNA."

DNA ife tinkaidziwira pawailesi, pa milandu ya abambo okana mimba. Amayi anamva liwulo ali kuseri ndipo anakuwa kuti m'banja mwawo mulibe zoterozo. Mng'ono wanga anapitiriza. Anati DNA ili ngati kalembedwe ka thupi lonse, ka zilembo zinayi zokha zobwerezabwereza. Iwo amasankha kachigawo kamene akukafuna, makina ena amakachulukitsa, ena n'kukawerenga chilembo ndi chilembo. Anationetsa chithunzi cha timapiri tosongoka tamitundu inayi, tondandalikana bwinobwino. Kenako analoza pamalo amodzi pamene timapiri tiwiri tinakwerana.

"Apa ndiye pali vuto. Kambewa aka kalandira chilembo chabwino kwa kholo limodzi, cholakwika kwa linalo. Ndikadula lero, sabata isanathe ndimakhala nditadziwa."

"Kasanathyoke paliponse?"

"Kasanathyoke paliponse."

Iwo anapitiriza kucheza za mbewa, ati zodyedwa ndi zosadyedwa. Ine ndinagwira mimba yanga, ndipo mawu amenewo ndinawasunga ngati mbewu.

Ndinachira mwana wamwamuna. Anabadwa wathunthu, wolira mwamphamvu, wopanda pothyoka. Dokotala anamupinda apa ndi apo mofatsa n'kunena kuti pakadali pano sakuona kanthu, koma nayenso mlongo wake anabadwa chimodzimodzi, ndiye tingodikira. Ndinamufunsa za maso. Anati makanda ambiri amabadwa ndi kabuluu pang'ono m'maso, kamene kamatha pakapita miyezi, ndiye apanso tingodikira. Kudikira kwake kunali kwakuti ndidikire tsiku limene ndidzamvenso kaphokoso kaja m'manja mwanga.

Titabwerera kunyumba nkhondo inayamba ndi madzi osamba. Amayi anatenthetsa madzi, n'kukhala pampando, n'kutambasula miyendo kuti amusambitse mdzukulu wawo monga anatisambitsira ife: kumuthowa, kumukoka manja ndi miyendo kuti awongoke, kumupinda mawondo mpaka pamimba, pomaliza kumuponya m'mwamba n'kumuwakha kuti asadzakhale wamantha. Nditaona dzanja lawo lagwira kamwendo ndinakuwa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

"Musiyeni! Amayi, ndati musiyeni!"

"Iwe, wapenga? Ndalera ana angati ine?"

"Mwalera olimba. Uyu simukumudziwa."

"Nanga iwe ukumudziwa? Mwana wabwinobwino ngati uyu ukufuna umusandutse dzira? Ukumuitanira matenda ndi pakamwa pakopo."

Ndinawalanda mwanayo n'kukadzitsekera naye kuchipinda. Zoona zake n'zakuti amayi sananame, sindinkamudziwa. Ngati anali wolimba, ndinali kumumana manja a agogo ake popanda chifukwa. Ngati sanali wolimba, kukoka kumodzi kokha kukanakwanira. Ndinkamuyamwitsa nditauma thupi lonse, ndipo usana wonse ndinkangomuyang'ana m'maso.

Kwathu mwana satuluka m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo ukagwa suponyedwa paliponse. Amayi amaukwirira okha patsinde pa nthochi kuseri kwa nyumba, pomwe anakwirira wanga ndi wa mng'ono wanga, ndipo samafuna kuti wina aone. Chikhristu chawo chonse, pamenepo sagonja. M'mawa uliwonse ankabwera kudzasuzumira pamimba pa mwanayo kuti aone ngati wauma. Nanenso ndinkauyang'anira, koma ndi maganizo ena. Ndinkati ngati kachidutswa kakhutu la mbewa kamanena zonse, kuli bwanji mchombo wathunthu, umene wachoka pathupi popanda mpeni, popanda kumupweteka mwana?

Unagwa m'mawa wa tsiku limene mng'ono wanga ankanyamuka. Ndinaupeza m'bulangete, wouma, wakuda, wopindika ngati kachipatso ka bwemba kofota. Ndinakhuthula machesi m'kabokosi, n'kuyalamo kathonje, n'kuuika mmenemo. Amayi atabwera n'kupeza pamimba pali poyera anayamba kufunafuna. Anakutumula mabulangete, ananyamula matiresi, anasesa chipinda chonse chogwada, akusefa zinyalala ndi zala. Nkhope yawo inasintha. Ankalankhula okha, kuti kaya ndi khoswe, kaya ndi munthu, nanga walowa muno ndani. Ine ndinali phee pakama, kabokosi kali m'kamisolo.

Mng'ono wanga anali m'chipinda china akulongedza sutikesi. Munali nsinjiro, usipa wouma, masamba a tiyi, mfutso wa nkhwani, zonse zokulungidwa m'mapepala apulasitiki kuti zisanunkhe. Ndinalowa n'kutseka chitseko, n'kuika kabokosi kaja pamwamba pa usipa.

"Achemwali, machesi kumeneko aliko," anatero akuseka.

"Tsegula."

Anatsegula. Anayang'ana, kenako anakhala pansi pakama.

"Ukafika ukausungunule m'mankhwala ako aja," ndinatero. "Ukandiimbire foni. Sindikupempha mankhwala, sindikupempha kuti umuchize. Ndingodziwa basi, kuti ndimugwire bwanji mwana wanga."

"Achemwali, sizingatheke."

"Wachepa? Mesa unati kochepa kuposa njere ya mpiru?"

"Sikuchepa ayi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mbewa zija vuto lake timalidziwa pamene lili, ndi pamalo amodzi omwewo mwa zonse. Ndimangopita pomwepo ngati ndikupita kunyumba yoidziwa. Mwa munthu likhoza kukhala paliponse m'kalembedwe kataliko, banja lililonse pakepake. Pafunika ayambe alifufuza mwa alamu ndi mwa mwana wamkuluyu, akalipeza ndiye akaliyang'ane mwa khandali. Zida zanga zinapangidwira mbewa, za munthu sizingagwire."

"Ndiye tenga za onse. Tsitsi, zikhadabo, magazi, chilichonse. Bambo ake ndiwaitana pompano."

"Sindiloledwa. Kumene ndimagwirako n'koyeza nyama, si chipatala. Kanthu ka m'thupi la munthu sikalowa mmenemo popanda chilolezo, ndipo pabwalo la ndege sindingadutse nako chobisa. Akandigwira, ntchito yatha, ndipo mbewa zija ndi zaka zonse zija zapita."

Pamenepo ndiye mkwiyo wa m'banja mwathu unandikwera. Ndinamuuza kuti usipa wonunkha akutha kuubisa m'masokosi koma mchombo wa mwana wa mkulu wake ndiye walemera. Ndinamuuza kuti mbewa zake zili ndi mwayi kuposa ana anga, zimagona pofewa, zimadziwidwa matenda zisanathyoke, pamene wanga anadziwika atathyoka mwendo, mkono ndi nthiti. Ndinamufunsa kuti mankhwala amene akuyesawo adzafika liti ku Lirangwe, mwana wanga ali ndi zaka zingati, kapena ali kumanda. Analira mwakachetechete, chogwira kabokosiko ndi manja awiri, ndipo anati akafunsa kwa anzake oyeza anthu, mwina pali njira. Kenako anandibwezera.

Nditatsegula chitseko ndinapeza amayi ataima pomwepo, tsache lili m'manja. Anali atamva zonse. Ndinayembekezera mkuntho, koma anangotambasula dzanja, ine n'kuikapo kabokosiko.

"Wandisesetsa nyumba yonse chogwada," anatero, osandiyang'ana.

Anatenga khasu n'kuzungulira kuseri. Masana ake ndege ya mng'ono wanga inadutsa pamwamba pa denga, malata ananjenjemera, mwana anadzidzimuka n'kutambasula timanja. Mtsikana wanga anaibayibitsa ali pamkeka. Ine sindinatuluke.

Tinabwerera ku Lirangwe pa minibasi, mwana ali pa pilo yemwe uja wa mlongo wake, ine ndikukangana ndi kondakitala kuti asandipanikize ndi thumba la chimanga. Pamjigo anati taonani, kunyada kuja kwayambiranso. Mng'ono wanga anasunga lonjezo lake, anafunsadi. Anaimba foni patapita nthawi, mawu ali otsika, kunena kuti malo oyeza anthu alipo, koma amafuna wodwala akhale wa m'dziko lomwelo, woonedwa ndi dokotala wa komweko. Anati sanataye mtima, afunsanso kwina. Ndinamuthokoza, chifukwa mkwiyo unali utaphwa, patangotsala kutopa. Ndinamufunsa za mbewa zake, anati zili bwino, zina zaswa sabata yomweyo.

Miyezi inapita mwana osathyoka. Anali wonenepa, wokonda kuseka, ndipo ankaponda mwamphamvu ndikamusintha thewera. M'mawa uliwonse ndinkamutengera pawindo kuti ndimuone m'maso. Pamthunzi ndinkaona buluu, padzuwa ndinkaona kuyera, ndipo tsiku lililonse ndinkakhulupirira zosiyana ndi dzulo lake. Amuna anga, amene sanamunyamulepo mwana woyamba uja popanda kunjenjemera, anayamba kumukhazika uyu pamwendo akamachonga makope, n'kumati, "Mwamuna uyu ndi chitsulo, adzamenya mpira ameneyu." Ndinkawakalipira kuti asiye, koma mumtima ndinkafuna apitirize kunena. Mwanayo atayamba kukhala yekha osagwa, ndinachita chinthu chimene ndinali nditalumbira kuti sindidzachita. Ndinayembekezera zabwino. Ndinagula chitenje chatsopano chamaluwa achikasu, n'kuchibisa pansi pa zovala, osauza munthu.

Tsiku la msika linafika, kunja kutacha bwino, dzuwa lili phwee. Ndinaganiza kuti lero ndiye lero, ndimubereka kumsana mwana wanga, ndidutse naye pamjigo, ndikafike naye pamsika manja ali lende ngati mayi wina aliyense. Ndinamusambitsa, kumudzoza mafuta, n'kumukhazika pamkeka pakhonde pafupi ndi mlongo wake, ine n'kulowa kukatenga chitenje chija. Ndinachitambasula m'chipindamo, chikununkhira sitolo, ndipo ndinadzipeza ndikuyesera kumanga mfundo pachifuwa, chifukwa zaka zonsezi manja anga anali asanazolowere.

"Amayi! Amayi, tabwerani muone!"

Mawuwo sanali amantha. Anali achimwemwe, chimwemwe chimene ndinali ndisanachimvepo mwa mwana ameneyo. Ndinatuluka chitenje chili paphewa. Mtsikana wanga anali atatenga kagalasi kanga koyang'anira nkhope, ataika tsaya lake pafupi ndi la mlongo wake, onse awiri akuyang'ana m'kagalasimo, dzuwa likuwaomba kumaso.

"Taonani, maso ake ali ngati anga! Ndakhala ndikumuyang'ana masiku onsewa, sakusintha ayi. Ana a anthu ena aja maso awo amayera, koma uyu ayi."

Ndinagwada. Ndinali nditamuyang'ana mwanayo m'mawa uliwonse, koma nthawi zonse yekha. Sindinawaikepo pamodzi chonchi, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. M'kagalasimo munali maso anayi, ndipo buluu wake anali mmodzi.

"Ndiye kuti uyu sazipita kukasewera eti, amayi?" anatero, akumusisita kamutu mofatsa, monga ndinamuphunzitsira kuti anthu azimugwirira iyeyo. "Tizikhala limodzi pakhonde pano. Ndidzamuphunzitsa kudzikhwekhwereza, sizovuta."

Ndinamuyankha kuti eya, mudzakhala limodzi. Ndinalowa m'nyumba, ndinapinda chitenje chija motsata mizere yake ya kusitolo, n'kuchibwezera pansi pa zovala. Kenako ndinatenga pilo.